Kafilimu kanga ka makala akuti ndi ufiti: walephera ndani, ine kapena owonera?

makala_ndi_pepala
Abale a pagulu pano, ndabwera ndi dandaulo. Kwa miyezi 7 ndakhala ndikupanga kafilimu ka zojambula ka mphindi zitatu. Si katuni ya kalulu ndi fisi ayi. Ndinakhoma pepala lalikulu pakhoma, ndikajambula pang'ono ndi makala ndinkatola chithunzi ndi foni, kenako n'kufufuta pang'ono, n'kujambulanso, n'kutolanso. Zithunzi 8 pa sekondi iliyonse, zonse pamodzi 1,440. Mulibe munthu wolankhula. Muli phokoso la chigayo, la munsi mumtondo ndi la lichero basi. Chooneka ndi mayi wokalamba akupeta, gaga akuuluka, nkhope yake ikumwazika limodzi ndi gagayo, kenako chigayo chikumeza zonse. Kumapeto kumatsala mthunzi wa lichero. Ndinkaganiza za agogo anga amene anatisiya chaka chatha.

Ndinakaika pa YouTube ndi pa Facebook. Ndemanga zake ndi izi: "Mwasuta chani akulu?" "Za ufiti izi, ndatseka mwana asaone." "Nkhani yake ili pati?" Wina anangoti, "Mundibwezere bandulo yanga." Kodi anthu athu safuna zinthu zotere, kapena ineyo ndiye ndalemba m'madzi? Musandinyengerere.

bandulo_yatha
Wa bandulo uja si ine, koma ndikumumvetsa. Munthu wagula ya tsiku limodzi kuti aseke asanagone, inu mukumupatsa gogo wosungunuka?

MayiWaAtatu
Pepani ndi zovuta za agogo, achimwene. Koma ndiyankhule ngati kholo. Ife tikangoona chinthu chojambulidwa pamanja timati n'cha ana, foni n'kumupatsa mwana kuti tiphike mwamtendere. Wanga wa zaka 5 anakumana nacho china chake, chimunthu chobiriwira cha zala zitalizitali chikusisita masupuni adzimbiri. Usiku umenewo anakodza pogona. Ndiye amene analemba za ufitiyo musamuweruze msanga. Mukanangolemba pamwamba kuti si za ana.

flash_sinafe
Amayi, chimene mwana wanu anaona ndi Salad Fingers, ya David Firth wa ku England. Inatuluka mu 2004 pa Newgrounds, tsamba la pa intaneti loikapo makatuni ndi magemu, YouTube isanabadwe n'komwe. Ndikuitchula chifukwa ikuyankha funso la a makala. Pa Newgrounds anthu ankapitako dala kukasaka zachilendo. Ankavota, kafilimu kopeza mavoti ochepa kankafufutidwa, kokoma kankakwera patsamba loyamba. Owonera ake anali ankhanza, koma anali atabwera okha. Lero kafilimu kanu kamamugwera munthu pakati pa vidiyo ya ukwati ndi ya zigoli za mpira. Sanakaitane. Chala chake chili kale pagalasi kudikira kukankha.

Chinanso, kuyambira mu 2012 YouTube inayamba kukondera nthawi imene munthu wakhala akuwonera, osati kungotsegula. Wosewera gemu amatulutsa ola lathunthu tsiku lililonse. Wojambula pamanja amatha miyezi 7 kuti atulutse mphindi zitatu. Mpikisano wake uli pati pamenepo?

MayiWaAtatu
Dzina lake ndalilemba. Ndikalitseka lero lomwe.

flash_sinafe
Ndipo a makala, mukamaika, samalani ndi kabokosi kofunsa ngati filimu ndi ya ana. Kuyambira Januwale 2020, mukavomera pamenepo YouTube imatseka ndemanga zonse. Ena amadina poganiza kuti katuni iliyonse iyenera kutero. Komatu kwa inu mwina kukanakhala kupuma, hahaha.

kalipentala_wa_ndirande
Ine ndinena mosapsatira poti mwati tisakunyengerereni. Ndikakhoma tebulo la miyendo itatu n'kumagwedera, sindingauze kasitomala kuti sadziwa matebulo. Ngati anthu khumi awonera ndipo asanu ndi anayi akufunsa kuti nkhani ili pati, vuto si anthuwo. Mawu oti "luso" asakhale pobisalira. Nthano ili ndi poyambira ndi pothera, ngakhale mwana amaitsata.

msungwana_wa_mizere
A kalipentala, tebulo lili ndi ntchito imodzi, kuikapo mbale. Filimu si choncho. Mukamva ng'oma ikulira usiku kutsidya kwa dambo, mumafunsa kuti nkhani yake ili pati? Thupi limangoyankha lokha.

Ndipo zimenezi sizinayambe ndi intaneti. Mu 1935 Len Lye, wa ku New Zealand, anapanga A Colour Box popanda kamera, ankapenta utoto pafilimu penipeni. Mizere ndi madontho zikuvina motsata nyimbo, ndipo chodabwitsa n'choti inali yotsatsa mitengo ya positi ofesi ya ku Britain. Norman McLaren, wa ku Scotland amene anagwira ntchito ku National Film Board ya ku Canada, ankajambula ngakhale phokoso lenilenilo ndi manja m'mphepete mwa filimu. Filimu yake ya 1952, Neighbours, ndi ya amuna awiri oyandikana nyumba amene akulimbirana duwa lomera m'malire. Anagwiritsa ntchito anthu enieni koma powatola chithunzi chimodzichimodzi, moti amatsetsereka paudzu osaponda, ngati zidole. Imayamba moseketsa, imathera kumanda. Gawo limene amunawo akupha akazi ndi makanda linadulidwa kwa zaka zingapo chifukwa ankati owonera sangapirire. Inapata mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar, koma m'gulu la mafilimu a zochitika zenizeni, chizindikiro choti ngakhale oweruzawo anasowa poiika. Ili pa intaneti ulere, mphindi 8 zokha.

kalipentala_wa_ndirande
Achemwali, mwadzigwetsa nokha. Anthu awiri, duwa, mkangano wa malire, maliro. Imeneyo ndi nkhani. Kwa amfumu timaimva sabata iliyonse. Ndipo ng'oma mukunenayo ili ndi gule wake, siyingolira m'malere.

msungwana_wa_mizere
Pa Neighbours ndavomera. Nanga gogo wopeta amene chigayo chikumumeza si nkhani? Kungoti sanakutafunireni.

DJ_wakale
Ndiloleni ndilowepo, ine ndinagwirapo ntchito yomasulira mafilimu m'vidiyo sho. Anthu athu anazolowera kuti pafilimu pakhale pakamwa. Ngakhale pamene mzungu wangokhala phee kuyang'ana nyanja, ife tinkadzaza: uyu akuganiza ngongole, uyu walandira uthenga woipa. Ukangokhala chete masekondi khumi, kumbuyo kumayamba, "Iwe DJ, wagona?" Sikuti sankaona zithunzi, ankaziona bwino kuposa ine. Koma kuwonera kunali kucheza. Kukhala chete pagulu, ife timakudziwa pamaliro pokha. Ndiye mukamupatsa munthu filimu yopanda mawu, yakuda bii, chigayo chikulira, mtima wake umathamangira kumene umadziwa: maliro kapena ufiti.

A makala, nditumizireni, ndikuikireni mawu. "Apa agogo akupeta, koma taonani chigayo chawatsinzinira diso."

makala_ndi_pepala
Akulu, mwandiseketsa koyamba sabata ino, koma ayi. Mukaikapo mawu ndiye kuti mwamuuza munthu choti amve. Komabe pa za maliro mwalasa. Mwina amene anati ufiti uja anamva ndithu kuti muli imfa, kungoti anaitchula ndi dzina lina.

mphunzitsi_wopuma
Mwana wanga, gwira mawu ako omalizawo, usawataye. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti mwana akati "sindinamve" pa ndakatulo, nthawi zambiri wamva, koma akuopa kuti chimene wamvacho si chimene aphunzitsi akufuna. Tinawalera anawa ndi funso limodzi: phunziro la nthanoyi ndi lotani? Akula, ali ndi mafoni, akufunsabe funso lomwelo. Akalisowa phunzirolo amaganiza kuti ukuwayesa mbuli, ndiye amayamba okha kukunyoza usanawanyoze.

Koma ndisakukometsere kwambiri. A kalipentala ali ndi mfundo. Wokamba nthano akati "Padangokhala," amadikira "Tili tonse." Amatsegula khomo kuti omvera alowe. Iwe khomo lako lili pati? Dzina la kafilimuko unalemba chiyani?

makala_ndi_pepala
Sindinakapatse dzina, aphunzitsi. Ndinangolemba nambala 1.

bandulo_yatha
Nambala 1! Ngati chipinda cha ku resiti hausi.

mphunzitsi_wopuma
Ndi pamenepo. Ukanangolemba kuti "Agogo akupeta," munthu akanadziwa poponda phazi loyamba. Kwinako akanayenda yekha.

wakumudzi_weniweni
Chimene chimandidabwitsa ine n'choti anthu omwe akuti sitimva zophiphiritsa ndi omwe anakulira pabwalo. Gule Wamkulu akatuluka, palibe amaima n'kufotokoza kuti chinthu ichi chikutanthauza chakuti. Maonekedwe, mavinidwe ndi nyimbo ya amayi zimanena zonse, wanzeru amatola. UNESCO inamulemekeza mu 2005 chifukwa cha kuzama komweko. Ndiye tisamanamizane kuti zinthu zosalunjika ndi za azungu.

nkhalamba_ya_kasiya
Mphwanga, za kudambwe tisazisakanize ndi makatuni. Zili ndi eni ake ndi malo ake.

wakumudzi_weniweni
Pepani akuluakulu, sindinafanizire. Ndimangonena kuti maso otha kuwerenga tili nawo kale.

woyang'anira_gulu
Zamveka mbali zonse. Tisiyire pomwepo, tibwerere ku makala.

chidzukulu_cha_wenela
A makala, kaya mukudziwa kaya ayi, njira yanuyo ndi imene William Kentridge wa kuno ku Johannesburg anatchuka nayo kuyambira mu 1989. Pepala limodzi pa gawo lililonse, makala, chofufutira, n'kumayenda pakati pa khoma ndi kamera. Makala safufutika n'kutheratu, ndiye chinthu chikasuntha chimasiya chizukwa chake kumbuyo. Ena amati ndi uve, koma mphamvu yake ili pomwepo.

Fufuzani ya 1991 yotchedwa Mine. Mwini mgodi, Soho Eckstein, ali pabedi ndi suti yake akumwa khofi. Akukanikiza kachitsulo ka m'botolo la khofi, kachitsuloko n'kuboola thireyi, kuboola bedi, kutsika pansi ngati chikepe cha mumgodi, kudutsa pogona anthu atapanikizana m'mashelefu a simenti. Palibe wolankhula. Agogo anga aamuna anagwira m'migodi ya golide, anapita pa Wenela. Ndinawaonetsa bambo anga kafilimu kameneka pafoni. Iwo sadziwa za nyumba zoonetseramo zojambula, koma atafika pa mashelefu paja anaimitsa n'kunena kuti, "Bambo ankati ankagona chonchi." Anakhala chete nthawi yaitali. Sanalembe ndemanga paliponse. Owonera otere simuwaona m'munsi mwa vidiyo, a makala. Olemba ndi okwiya ndi anthabwala. Wokhudzidwa amangoika foni pansi.

bandulo_yatha
Dikirani kaye. Wenela yomwe ija ya mabasi ku Blantyre?

chidzukulu_cha_wenela
Yomweyo. Dzinalo ndi la bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, Witwatersrand Native Labour Association. Mu 1974 ndege yawo inagwa ku Francistown ku Botswana, a Malawi oposa 70 anafa akubwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa zolemba anthuzo. Agogo anga anali atabwerako kale, ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye.

MayiWaAtatu
Kwathunso kunali bokosi lachitsulo la ku Joni, tinkasungiramo zikalata. Kaya linapita kuti.

woyang'anira_gulu
Nkhani ya ku Joni ndi yokoma, wina aitsegulire mutu wake. Pano makatuni.

mnyamata_wa_chipata
Moni a kwathu kutsidya la Mchinji. Ine ndili pakati. Supa Team 4, imene Malenga Mulendema wa kuno ku Zambia anayambitsa, itatuluka pa Netflix mu 2023, tonse tinanyada kuona Lusaka mu katuni. Nkhani yomveka, atsikana anayi, adani, nthabwala. Palibe anafunsa kuti wasuta chani. Koma taonani Ng'endo Mukii wa ku Kenya. Anayamba ndi Yellow Fever mu 2012, ali pasukulu ku Royal College of Art ku London, kafilimu ka za mafuta oyeretsa khungu. Anasakaniza zojambula pamanja, thupi la munthu weniweni akuvina, ndi mawu a abale ake akucheza. Si ka ana, si kolunjika. Patapita zaka 11 ndi yemweyo anapanga Enkai mu Kizazi Moto, mndandanda wa makatuni a mu Africa wa pa Disney+. Zoyeserayesera zija ndiye nazale. Mukazipha ndi chipongwe, zokoma mukuzifunazo zidzamera pati?

kalipentala_wa_ndirande
Nazale sagulitsa pamsika ngati chimanga chokhwima. Aziyeserera kunyumba.

msungwana_wa_mizere
Ndiye adziwa bwanji kuti yamera? Ndipo pa nkhani yoti ndi za azungu, Moustapha Alassane wa ku Niger anapanga Bon Voyage Sim mu 1966, mtsogoleri wa dziko la achule akupita kukacheza kunja ndi ulemu wonse wa boma. Mizere wamba, achule, koma aliyense ankadziwa amene akunenedwa. Anakaphunzirako kwa McLaren yemwe uja ku Canada. Zaka zoposa 50 zapitazo, mu Africa momwe muno.

diso_la_nkhwazi
Nonse mukukamba za anthu akutali, koma ndani wakawonera kafilimu ka mnzathuyu? Ine ndakawonera katatu, ndiye ndinene.

Masekondi 25 oyambirira ndi utsi wotuwa basi. Ndikudziwa kuti mumafuna gaga aoneke asanaoneke munthu, koma pafoni yanga, nditakhala pakhonde masana, ndinkangoona nkhope yanga pagalasi. Ndinayesa netiweki yavuta. Chachiwiri, makala ali ndi timadontho tambirimbiri, ndipo vidiyo ikapanikizidwa kuti idye data yochepa, timadonthoto timasanduka timabokosi. Chimene inu munaona pakhoma si chimene ife tikuona. Chachitatu, chigayo chikulira kwambiri, ndinachita kutsitsa, ndiye lichero silinamvekenso.

Koma pamene dzanja la gogo likubwerera kudzatola kanjere kamodzi kamene kanagwa pansi, nkhope itapita kale, pamenepo ndinamva kutentha m'maso. Amayi anga ankatero. Njere imodzi sankaisiya.

makala_ndi_pepala
Zikomo kwambiri, izi ndi zimene ndimafuna. Ndapita kukaona kamzere kosonyeza pamene anthu amasiyira, ndipo kakugwa ngati phompho pa masekondi oyambirira omwewo. Kutanthauza kuti ambiri amene anatukwana sanafike n'komwe pa dzanja lija. Ndakhala ndikulira ndi ndemanga za anthu amene anawonera utsi.

Koma imene inandipweteka kwambiri sindinaitchule. Wina analemba kuti, "AI iyi, musatinamize." Miyezi 7 ndikutsokomola fumbi la makala, zikhadabo zakuda mpaka kutchalitchi.

flash_sinafe
Imeneyo ndiye mliri watsopano. Kale chinthu chikasungunuka n'kusanduka china, anthu ankafunsa kuti wapanga bwanji. Lero amangoti makina. Mankhwala ake ndi amodzi: onetsani manja. Ikani kavidiyo kakafupi mukufufuta ndi kujambula, foni ili pamwendo wake, pansi pali mulu wa fumbi. Chomvetsa chisoni n'choti kameneko kadzawoneredwa kuposa filimu yeniyeniyo. Anthu amakonda kuona thukuta kuposa chimene thukutalo labala.

bandulo_yatha
Wamisala anaona nkhondo, a makala. Ine ndinanena kale kuti vuto ndi bandulo. Dulani utsiwo, muyambire padzanja.

msungwana_wa_mizere
Ayi, asayambire padzanja! Dzanjalo limapweteka chifukwa wadikira. Mukaliika poyamba ndi dzanja chabe. Afupikitse utsi, inde, koma asasandutse filimu kukhala kotsatsa malonda. Ndipo a makala, pafoni si pokhapo powonetsera. Ku Annecy ku France, kumene kumachitika chikondwerero chachikulu cha makatuni mwezi wa Juni kuyambira kale mu 1960, tifilimu totere amationetsa m'holo yamdima, munthu sangakankhe ndi chala. Simukusowa France. Nsalu yoyera, pulojekita yobwereka, khoma la sukulu, madzulo. Muone nkhope za anthu, osati ndemanga.

DJ_wakale
Mukakachita zimenezo mundiitane. Ndilonjeza kukhala chete. Mwina.

kalipentala_wa_ndirande
Ndakawonera tsopano, poti a diso_la_nkhwazi anatichititsa manyazi. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni, chigayo chija sindinachimvetse, chikuoneka ngati galimoto. Koma dzanja lija ndaliona. Ngati mukufuna chopachikira nsalu, matabwa otsala ndili nawo.

makala_ndi_pepala
Ndabweranso patapita masiku, ndinali kumudzi. Za nsalu sizinatheke, magetsi kunalibe, ndiye ndinangowaonetsa azakhali anga pa laputopu, m'nyumba, chitseko chotseka. Ndi mwana woyamba wa agogo aja. Sindinawauze chilichonse.

Sanati ufiti. Sanafunse za nkhani. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Kachitatu anandigwira dzanja kuti ndiimitse, n'kuloza mfundo ya duku kuti, "Awa ndi amayi." Ndinayamba kudzimva. Kenako anati, "Koma sankapeta chonchi. Iwe wajambula munthu woponya chimanga m'mwamba ngati akusewera. Amayi ankayamba agwedeza lichero cham'mbali kuti gaga asonkhane kutsogolo, kenako kaulendo kamodzi kakang'ono, n'kuligunda ndi zala pansi pake. Ameneyu akanataya theka la mphale." Anatuluka, anakatenga lichero, anandionetsa pabwalo kanayi konse, ana akuseka.

Gawo limenelo ndi masekondi 6, zithunzi 48. Vuto ndi loti njira ya makalayi sibwerera m'mbuyo. Pepala lija linafufutidwafufutidwa mpaka patsala chithunzi chomaliza chokha, mthunzi wa lichero. Kuti ndikonze ndiyenera kuyamba pepala latsopano, ndipo silidzafanana ndi loyamba.

diso_la_nkhwazi
Mukonza?

makala_ndi_pepala
Pepala ndagula kale. Azakhali andibwereka lichero la agogo, akuti ndibweze lisanafike dzinja. Dzulo ndayesa kupeta ndekha kuseri kwa nyumba, nkhuku za aneba zakhuta.

MayiWaAtatu
Zala zikhale pansi pa lichero, achimwene, zala zazikulu zokha pamwamba. Ndipo muime chopereka msana kumphepo, apo ayi gaga yense akuthera m'maso.

bandulo_yatha
Ikani linki ya nambala 1 ija isanachotsedwe. Ndagula ya sabata.